Tcheni Chatsopano pa Mano Okalamba

Uthenga unamupeza atagwada, manja ali m'beseni la parafini. Dzina limene makolo ake anamupatsa anthu anali ataliiwala kalekale. Msewu wonse unkangoti Mayi Sipanala, chifukwa pa zaka pafupifupi makumi awiri panalibe njinga ya m'deralo imene inali isanagonepo chagada pakhonde la shopu yake. Wobweretsa uthengawo anali mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono, mwana ali kumsana, mpango uli m'manja, phazi limodzi lopanda silipasi.

"Alamu, amutenga! Apolisi abwera ku bekale m'mawa uno, amumanga. Akuti makina osokera a atelala aja anabedwa dzulo masana waba ndi iyeyo."

"Ndani? Chete?"

"Eya, bambo a mwanayu."

Mayi Sipanala anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene mtima wamuthawa. Mlongo wakeyo anamulera yekha makolo awo atamwalira. Anali wachibwibwi, ndipo poopa kusekedwa anazolowera kutseka pakamwa, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Chete. Ntchito yake inali yoperekera buledi m'magolosale pa njinga ya ku bekale. Munthu amene ngakhale buledi wophwanyika amakamubweza kwa eni ake, lero wanyamula makina a anthu dzuwa likuswa mtengo?

Anapukuta manja pa chisanza, anaponya lula yake yachitsulo ndi masipanala awiri m'thumba la ovololo, nakoka chitseko cha shopu. Kasitomala amene ankadikira njinga yake anangotsala kukamwa kuli yasa.

*

A Sajenti a kupolisi anali munthu wamtali, wotopa, wa ndevu zoyamba imvi. Anamulandira monga amalandirira abale onse a omangidwa, osadzutsa mutu pa mapepala.

"Mayi, nkhaniyi ndi yachidule. Bekale ili ndi njinga ziwiri zobiriwira, zofanana, iliyonse ndi bokosi la buledi kumbuyo. Okwera ndi awiri, mlongo wanu ndi a kapitawo awo, onse jekete la buluu ndi kapusi. Dzulo masana ometa tsitsi a pachitunda paja anaona njinga yobiriwira ikuchokera kwa atelala italemedwa. Nkhope sanaione, koma anaona tcheni chikugwa. Lero ndapita kukaona njinga zonse ziwiri. Ya a kapitawo tcheni chake ndi chokungika bwino, chowala. Ya mlongo wanu chikulendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. Ndangopalasa kawiri pabwalo, chagwa. Ndamufunsa anali kuti masana, akungoti ndi-ndi-ndi. Mukufunanso chiyani?"

"Bwana, njinga imeneyo ndinaisintha tcheni ndi fuliwilo yomwe masabata atatu apitawo. Ndi manja awa."

"Mchemwali wa womangidwa aliyense amabwera pano ndi manja ake," anatero a Sajenti. "Mawa eyiti koloko galimoto imutenga kupita naye ku khoti. Makina akapanda kupezeka, musayembekezere kuti woweruza amumvera chisoni."

Mayi Sipanala anameza mkwiyo wake, poti mkwiyo sutsegula selo. Anangopempha kuti aione njingayo.

"Kuona ndi maso. Osagwira."

Anaipeza kuseri kwa ofesi itatsamira khoma pamodzi ndi mipando yothyoka. Inalidi ya Chete, chishalo chake chija anachisoka yekha ndi waya. Anagwada, manja atawaika kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Fuliwilo, kagudumu ka mano ka kumbuyo kaja, inali yomweyo anaiika iye, mano ake athunthu, osadyeka. Koma tcheni chinali chakuda, chowuma, chofooka. Anachitsata ndi maso mfundo imodzi imodzi mpaka anafika pa loko, kachitsulo kamene kamatseka pamene nsonga ziwiri za tcheni zimakumana. Makaniko aliyense amadziwa kuti mutu wotseka wa loko umaloza kumene tcheni chikupita, kuti akakhula penapake asafwamphuke. Uyu anali chambuyo. Iye tsiku loika loko motero, bwenzi atataya masipanala ake onse kudzala.

"A-a-achemwali," anamveka mawu a Chete kuchokera pa kawindo ka zitsulo ka selo. "Si-si ine."

"Ndikudziwa, iwe. Wadya?"

"A-ayi."

"Alamu akubweretsera. Usalire pamaso pa anthu awa."

Amene ankafuna kulira anali iyeyo. Anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo. Njinga inali ya mlongo wake, koma tcheni chinali cha munthu wina. Ndipo mumtima mwake ankaona ngati tcheni chimenecho anakumanapo nacho.

*

Atelala anali mayi wa thupi ndi mawu omwe. Anawapeza atakhala kutsogolo kwa tebulo limene pakati pake panali chibowo pamene pankakhala makina, tepi ili m'khosi, maso atatupa.

"Mwabwera kudzapepesa? Makina aja anandisiyira ndi malemu amuna anga! Ana anayi ndawaphunzitsa ndi phazi ili, chopondaponda. Madiresi a ukwati wa Loweruka ali apa, ndisoka ndi mano? Mlongo wanuyo ndimamupatsa madzi akumwa tsiku ndi tsiku, kumuona ngati munthu wosauka mawu, osadziwa kuti mawu onse anathera m'manja!"

Mayi Sipanala anawasiya kuti aphwe kaye. Kenaka anafunsa modekha: "Amayi, mukufuna chiyani kwenikweni, munthu m'ndende kapena makina patebulo?"

Atelala anayang'ana chibowo cha patebulo chija.

"Makina."

"Ndiye ndiuzeni. Munatuluka nthawi yanji?"

"Thwelofu itangokwana. Ndinapita kukayesa diresi kwa mkwatibwi, kuseri kwa msikaku. Sindinathe ndi theka la ola lomwe. Pobwera ndapeza mpiringidzo wa chitseko wazulidwa."

"Mumatuluka masana masiku onse?"

"Ine? Ndimadyera pompano. Anthu amati ndinamera mizu."

"Ndiye ndani ankadziwa kuti dzulo mutuluka?"

"Palibe. Mkwatibwi yekha." Kenaka atelala anakumbukira, zala zikusewera ndi tepi. "Komanso a kapitawo a ku bekale. Anabwera m'mawa kudzafunsa majekete awo amene ndimasoka zigamba. Ndinawauza kuti abwere thuu koloko, poti masana sandipeza. Koma aja ndi bambo aulemu wawo, malaya oyera tsiku lililonse."

"Malaya oyera ndawaona," anatero Mayi Sipanala. "Tepi yanuyo ili ndi mainchi?"

"Telala wanji wopanda mainchi?"

"Musaivule m'khosimo. Ndibweranso."

*

Shopu ya ometa tsitsi inali pakati penipeni pa chitunda, pamene njinga iliyonse imayamba kuulula matenda ake. Mwini wake anali kamunthu kakafupi kamene kakadapanda kupeza makina ometera kakadakhala kowulutsa mpira pa wailesi. Mayi Sipanala sanavutike n'kufunsa komwe.

"Mboni yoyamba ndine, mayi! Galasi langali musalione chonchi, limayang'ana msewu wonse. Ndili pa mutu wa kasitomala, ndangoona njinga yobiriwira iyo! Ikubwera, ikukwera, bokosi kumbuyo likuvina uku ndi uku. Mkulu uja waimirira pa mapedulo, wakankha, wakankhanso, kenaka kha! Tcheni pansi! Mapazi akungozungulira mumphepo!"

"Nkhope?"

"Kapusi anaikokera m'maso, nsana kuno. Ine bodza ayi."

"Tcheni anachibwezera bwanji?"

Ometa tsitsi anaima, chipeso chili m'mwamba. Funso limeneli apolisi sanawafunse, ndipo anakondwa nalo.

"Apo ndiye panali filimu. Munthu wakuba, wothamangira, koma anayamba wasakasaka kamtengo m'ngalande! Kuchikola tcheni ndi kamtengo, chikugwa, kuchikolanso, zala atazitambasula uko ngati akuopa njoka. Ndinati koma abale, mbava zamasiku ano zaukhondo."

Mayi Sipanala anadziwa kuti ameneyo sanali mlongo wake. Chete anakulira m'shopu ya njinga. Tcheni ankachibwezera ndi chala chimodzi asanatsike n'komwe bwinobwino, girizi n'kupukutira pa thalauza, chimene mkazi wake ankalimbana naye tsiku ndi tsiku.

"Nkhani ya tcheniyi munauza ndani?"

"Aliyense wokhala pampando uwu. Nkhani yabwino siisungidwa, imasasa."

"A ku bekale anakhalapo pampandopo dzulo?"

"A kapitawo, cha m'ma foloko, kudzachotsa ndevu. Ndinawauza kuti bwana, m'nyumba mwanu muli khoswe. Mawa ndikauza apolisi kuti asavutike, angoyang'ana njinga ya tcheni chakugwa. Anandithokoza kwambiri. Moti anachoka tsaya limodzi ndisanalimalize."

*

Ku bekale sanalowere kumaso. Anazungulira kuseri, kumene kunali sinki, mulu wa nkhuni ndi kashedi kosungiramo njinga ndi masaka. Pa sinkipo panali mayi wokanda ufa, wachikulire, wowonda, ufa uli mpaka m'zigongono. Atamuona anayang'ana uku ndi uku.

"Mwanawe, ine ndili ndi zidzukulu zitatu zodyera pa ntchito ino. Sindinaone kanthu."

"Sindinakufunseni kanthu, amayi."

"Ndiye bwino." Anatsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu. "Ine ndimafika faifi koloko, woyamba ndine masiku onse. Lero ndapeza shedi yatsegulidwa kale. Sindinaone kanthu. Koma sopo wanga ndinamusiya wathunthu dzulo, lero ndi kachidutswa. Ndipo thovu la m'sinkimu linali lakuda bii."

"Kiyi wa shedi amasunga ndani?"

Mayiyo anangoloza ndi milomo ku ofesi, nabwerera ku ufa wake.

Njinga yachiwiri inali itaima pamthunzi. Mayi Sipanala atangoiyandikira anachizindikira tcheni chake, monga mayi amazindikira mwana wake pagulu la anzake. Chinali chowala, chopakidwa oyilo woonda amene iye amagwiritsa ntchito. Loko wake nayenso anali chambuyo. Anasuzumira pa fuliwilo, nakumbukira. Miyezi iwiri yapitayo njinga yomweyi inabwera kwa iye ndi teyala lophulika. Iye anaika lula pa tcheni, nawauza a kapitawo kuti chatha, achisinthe chisanadye mano. A kapitawo anaseka. Anati tcheni chimasinthidwa chikaduka, ndipo iwo sangaphunzitsidwe za njinga ndi munthu wovala ovololo ya mwamuna.

"Mayi, pepani ndi za mlongo wanu."

Anatembenuka. A kapitawo anali pakhomo la ofesi, malaya oyera mbee, manja onse m'matumba.

"Ifenso zatikhudza. Mnyamata uja timamuona ngati wathu. Koma mtima wa munthu, mayi, simungaudziwe."

"Zoona, bambo," anayankha Mayi Sipanala, akumwetulira koyamba tsiku limenelo. "Ine ndimangodziwa za njinga."

*

A Sajenti sanabwere chifukwa cha Mayi Sipanala. Anabwera chifukwa atelala anakakhala pakhomo la ofesi yawo n'kulengeza kuti sachokapo mpaka boma liyese matcheni, ndipo mawu a atelala ankamveka mpaka ku msika. Pofika foloko, njinga ziwiri zobiriwira zinali zitagona chagada pabwalo la bekale. Ophika buledi anatuluka, ometa tsitsi anafika ndi kasitomala wometedwa theka, mlamu wake anaima kumbuyo ndi mwana.

"Mphindi khumi, mayi," anatero a Sajenti. "Zikakhala zamasewera, nanunso mugona komweko."

Mayi Sipanala anatulutsa lula. A kapitawo anaseka.

"Bwana, lula ya mchemwali wa wakuba? Mwina waidula kunyumba."

"Anena zoona," anatero Mayi Sipanala, nabweza lula m'thumba. "Tiyese ndi tepi ya oberedwa. Bwana, gwirani nokha."

A Sajenti anagwada monyinyirika pa njinga ya Chete, tepi ya atelala ili m'manja.

"Kungani tcheni. Ikani poyambira tepi pakati pa pini imodzi, timisomali tolumikiza mfundoti. Tsopano pitani pa mainchi khumi ndi awiri. Tcheni chatsopano, mzere umenewo umagwera pakati penipeni pa pini ina. Wagwera pati?"

"Pini yapitirira."

Mayi Sipanala anapempha machesi kwa wophika buledi wina, nagoneka mitengo yake pa mpatawo. Munalowa iwiri, malo n'kutsalako.

"Tcheni sichitanuka ngati lasitiki, bwana. Mchenga ndi kusowa oyilo zimadya mapini pang'onopang'ono, pini iliyonse katsitsi kamodzi, mpaka tcheni chonse chimatalika. Mpata ukakwana mtengo umodzi wa machesi, sinthani tcheni msanga, mano mwawapulumutsa. Ukakwana iwiri, mwachedwa, chadya kale mano amene chimayendapo. Ichi chadutsa iwiri. Chayenda zaka. Tsopano taonani mano a fuliwilo ya mlongo wanga."

A Sajenti anayendetsa chala. "Ndi athunthu."

"Tcheni ndi mano zimakalamba limodzi, ngati banja. Nkhalamba iyi yakwatiwa liti ndi kamnyamata aka?"

Anthu anaseka. A kapitawo sanaseke.

Pa njinga yachiwiri tepi inagwera pakati penipeni pa pini, mpata wolowa ndi tsitsi lomwe panalibe. Koma mano a fuliwilo anali osongoka, opindikira mbali imodzi ngati minga. Mayi Sipanala anazunguza pedulo ndi dzanja, ndipo tcheni chatsopanocho chinkangolira kereketekerekete, chikukodwa pa mano amene sichinawazolowere.

"Zimenezi sizikutanthauza kanthu," anatero a kapitawo. "Tcheni ndinagula ndekha mwezi watha, ndinaika ndekha."

"Mwezi watha? Chabwino. Bwana, bwerani kuno muone nati iyi yogwira teyala la kumbuyo."

A Sajenti anawerama. Kumbuyo kwa natiyo, pa chitsulo cha njinga, panali kamkombero koyera, kowala, kopanda fumbi kapena dzimbiri.

"Tcheni chikamatalika, mwini njinga amakokera teyala kumbuyo kuti chikungike. Nati iyi yakhala pa kamkombero aka nthawi yaitali. Tcheni chatsopano ndi chachifupi, ndiye woika uja anakankhira teyala kutsogolo kuti chikwane. Mwezi wathunthu m'misewu yathu ino, pamenepa pakanakhala poyera chonchi? Pavundukulidwa lero. Koma pa njinga ya Chete sanavutike kukoka teyala, anafuna kuti chilendewere, inu muchione."

A Sajenti sanayang'anenso wotchi yawo.

"Mungatsimikize?"

"Ndipatseni mphindi zanga zotsala."

Manja ake anagwira ntchito okha. Anafwamphula maloko onse awiri, nasinthanitsa matcheni. Chatsopano chinabwerera pa njinga ya Chete, nichikungika bwinobwino osakhudza nati ndi imodzi yomwe. Chakale anachikoloweka pa njinga ya a kapitawo, ndipo chinagona m'mano opindika aja mfundo iliyonse m'malo mwake. Anamasula manati, nauza a Sajenti kuti akoke okha teyala mpaka tcheni chikungike. A Sajenti anakoka. Nati inatsetsereka, inatsetsereka, n'kukaima pa kamkombero koyera kaja ndendende, osatsala, osapitirira.



"Tcheni chabwerera kwawo," anatero Mayi Sipanala. Anamanga manati, naimika njingayo ndi mateyala ake.

"Kiyi wa shedi amasunga ndani?" anafunsa a Sajenti.

"Iwowo!" Anali mayi wokanda ufa uja, mawu ali okweza. "Ndipo sopo wanga andimalizira lero m'mawa!"

"A kapitawo, tulutsani manja m'matumba."

A kapitawo anawatulutsadi, koma osati kuti awaonetse. Anakankha wophika buledi amene anali pafupi, anagwira mahandulo a njinga yawo, nalumphira pa chishalo. Geti linali lotsegula. Anapalasa kamodzi, kawiri, anaimirira pa mapedulo ndi mphamvu zonse za munthu wothawa ndende.

Kha!

Tcheni chinagwa. Mapazi anazungulira mumphepo, njinga inapepeluka, ndipo malaya oyera aja anakagona m'matope a pansi pa mpopi.

"Ndi kumeneko!" anakuwa ometa tsitsi, akudumpha. "Kulira kwake ndi komweko, bwana! Ndikalumbira kulikonse!"

A Sajenti anawadzutsa ndi kolala, nawatembenuza manja. Sopo anali atayesetsa, koma m'zikhadabo munali mizere yakuda ya girizi. Mayi Sipanala anawayandikira, mtima ukugunda ndi chimwemwe chimene sanafune n'komwe kuchibisa.

"Ndinakuuzani miyezi iwiri yapitayo, bambo, kuti tchenichi musinthe. Koma ine ndinkatanthauza kugula china, osati kutenga cha mlongo wanga."

Makina anawapeza m'shedi momwemo, pansi pa mulu wa masaka opanda kanthu, atakulungidwa m'jekete la buluu. Atelala anawakumbatira ngati mwana wobwera kuchokera kuchipatala, akulira, akutukwana, akuseka, zonse nthawi imodzi.

*

Chete anatuluka dzuwa lisanalowe, lamba ndi zingwe za nsapato zili m'manja. Mkazi wake anamupatsa mwana, iye namunyamula, misozi ikutsika. A Sajenti anamaliza zolemba zawo, nakanda ndevu.

"Mayi, ndili ndi kanjinga kanga kunyumba. Kamalira penapake."

"Mubwere nako. Mubweretse ndi machesi."

Atelala anaima pamaso pa Chete, akupotokola tepi yawo.

"Mwananga, pakamwa panga pano ndi poipa. Ndakunenera zambiri lero. Ngati sunandikwiyire, makinawa ndi olemera, ndipo ine munthu wina woti andinyamulire sindikumufuna."

Chete anayang'ana mchemwali wake. "A-a-achemwali, ndi-ndi..."

"Usavutike, ndamva," anatero Mayi Sipanala. Anagwada pa njinga ya Chete, natsimikiza kuti mutu wa loko ukuloza kutsogolo, nadontheza oyilo pa mfundo zingapo. "Koma tcheni ichi ndachipeza ndi fumbi la masabata atatu. Ndinakuuza kuti uzichipukuta Loweruka lililonse. Ukachikalambitsa, ndikakutsekera ndekha."

Anaika makina m'bokosi la buledi, nawamanga ndi zingwe. Chete anakwera. Msewu wonse unatuluka kudzaona njinga yobiriwira, jekete la buluu ndi katundu yemwe uja zikukwera chitunda chomwe chija, koma ulendo uno kapusi ili m'thumba, nkhope ili poyera. Pakati pa chitunda ometa tsitsi anathamangira m'mphepete mwa msewu, anawerama, dzanja lili kukhutu. Chete anaimirira pa mapedulo, anakankha, anakankhanso, nadutsa mpaka pamwamba.

"Mwamva chiyani?" anafuula Mayi Sipanala ali kumunsi.

Ometa tsitsi anaweramuka, natambasula manja mokhumudwa.

"Palibe, mayi! Ndi kamodzi komwe!"